Kukumanitsa zombo ziwiri m'mlengalenga pa kompyuta: mafunso ndi mayankho

Tsiku loyamba kufikitsa chombo m'mlengalenga mu Orbiter kapena mu Kerbal Space Program, mapulogalamu a pa kompyuta oyesezera kuyendetsa zombo za m'mlengalenga, munthu umadziona ngati katswiri. Chimwemwecho chimatha ukapatsidwa ntchito yachiwiri, yoti ukakumane ndi chombo china chomwe chili kale pamwambapo. Ambiri mafuta amawathera pamenepa, ena n'kuzimitsa kompyuta mtima uli m'mwamba. Ziwerengero zonse m'munsimu ndatengera njira yozungulira dziko pa makilomita 400 kuchokera pansi, chapafupi ndi pomwe pamadutsa International Space Station, ISS mwachidule, siteshoni ya m'mlengalenga momwe mumakhala anthu. Khalani ndi pepala ndi kakyuleta ya pafoni pambali. Masamu ake si oopsa.

Chombo chinzanga chili patsogolo panga, ndikuchiona ndithu. Bwanji ndikayatsa injini molunjika icho chikumka nichitalikira?

Chifukwa kumwambako kuthamanga sikufika. Pamsewu ukafuna kupeza galimoto yomwe ili patsogolo umaponda moto. Pozungulira dziko, ukawonjezera liwiro cham'tsogolo sukhalanso mu njira yomwe unali: njira yako imafufuma, imakwera m'mwamba. Ndipo njira yapamwamba ili ndi zovuta ziwiri pakamodzi. Ndi yaitali, komanso chombo chimayendamo mwapang'onopang'ono kusiyana ndi m'munsi, popeza mphamvu yokoka ya dziko imacheperako ukamatalikira. Ndiye wawotcha mafuta kuti ufulumire, koma chomwe wagula ndi ulendo wautali wotenga nthawi yambiri.

Tiyeni tiike manambala. Muli pa makilomita 400, ndipo mwakankha chombo cham'tsogolo ndi mita imodzi yokha pa sekondi, liwiro la munthu woyenda mwachifatse. Mphindi zoyambirira muona ngati zikuyenda, mtunda ukuchepa. Kenako muyamba kukwera. Mukafika mbali ina ya dziko mukhala mutakwera makilomita 3.5 pamwamba pa njira ya mnzanuyo, ndipo mukamaliza kuzungulira kamodzi mudzipeza muli makilomita pafupifupi 16.7 kumbuyo kwa pomwe munayambira. Kuzungulira kulikonse kotsatira, makilomita ena 16.7.

Musachite manyazi, zinawachitikiranso akatswiri. Mu June 1965 Jim McDivitt, akuyendetsa Gemini 4, anayesa kuyandikira chigawo cha roketi ya Titan chomwe chinali chitangowaponya m'mwamba. Analibe radar, ankadalira maso, ndipo ankachita zomwe woyendetsa ndege aliyense akanachita: kulunjika chinthucho n'kukankha. Mtunda unangokulirakulira mpaka anaisiya ntchitoyo atawononga mafuta ochuluka. Patangopita miyezi 6, pa 15 December 1965, Wally Schirra ndi Tom Stafford anafikitsa Gemini 6A pa masentimita 30 okha kuchokera pa Gemini 7. Chomwe chinasintha pakati pa maulendo awiriwa si mphamvu ya injini ayi, koma kawerengedwe.

Nanga ndichite chiyani kuti ndichipeze?

Tsikani. Wam'munsi amazungulira msanga, choncho amamka napeza wapamwamba pang'onopang'ono popanda kuwotcha dontho la mafuta. Lamulo loti muloweze pamtima ndi ili: tengani mpata wa pakati pa njira ziwirizo, muchulukitse ndi 9.4, ndipo yankho lake ndi mtunda womwe mumadyako pa kuzungulira kulikonse. Nambala 9.4 ndi pi (pafupifupi 3.14) kuchulukitsa ndi 3.

Tinene kuti siteshoni ili pa makilomita 400, inu muli pa 380. Mpata ndi 20, ndiye kuzungulira kulikonse mukudyako makilomita 188, omwe ndi madigiri 1.6 pa bwalo lonse la madigiri 360. Siteshoni ikakhala makilomita 1,900 patsogolo panu mufunika kuzungulira ka 10, maola opitirira pang'ono 15. Mukaona kuti n'kuchedwa, tsikani kawiri kuposa apo, mpata ukhale makilomita 40, nthawiyo idulika pakati. Koma mafuta odzakwerera pomaliza nawo awirikiza, ndipo mukatsika mopyola muyeso muyamba kukhudza mpweya. Kusinthanitsa nthawi ndi mafuta kumeneku ndiye mutu wa nkhani yonse. Amene ali ndi nthawi amafika ndi thanki yodzaza.

Chikakhala kumbuyo kwanga?

Kwerani pamwamba pake, chikupezeni chokha. Masamu ndi omwewo.

Ziwerengerozi mukuzitenga kuti? Ndikufuna ndiziwerengera ndekha.

Pakufunika manambala awiri a dziko lomwe mukuzungulira. Yoyamba ndi mtunda wochokera pakatikati pa dziko kufika panthaka, womwe pa equator ndi makilomita 6,378. Yachiwiri ndi nambala yoimira mphamvu yokoka, yomwe amailemba ndi chilembo cha Chigiriki μ. Ya dziko lathu ndi 398,600 mukamawerengera m'makilomita ndi masekondi.

Phatikizani 6,378 ndi 400 mupeze 6,778, imeneyo ndiye r. Liwiro la njira yozungulira bwinobwino ndi square root ya μ kugawa ndi r, ndipo apa likutuluka makilomita 7.67 pa sekondi. Nthawi yozungulira kamodzi ndi utali wa njira yonse, 2 × pi × r, kugawa ndi liwirolo: masekondi 5,554, kapena kuti mphindi 92 ndi theka. Mukabwereza masamuwa pa makilomita 380 mupeza liwiro la 7.68 ndi masekondi 5,529. Kusiyana kwa masekondi 25 kumeneko, mukakuchulukitsa ndi liwiro, n'kumene kukubala makilomita pafupifupi 190 aja.

Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri n'kuika 400 m'malo mwa 6,778. Masamu a njira zozungulira amayambira pakati pa dziko, osati panthaka. Mu Orbiter, pa Orbit MFD (MFD ndi kasikirini ka m'chombo koonetsa manambala), mutha kusankha kuti mtunda uzioneka kuchokera pakati kapena kuchokera panthaka, choncho onetsetsani chomwe mukuwerenga musanachilembe papepala.

Ndayandikira. Ndiyambe liti kukwera kuti tikafike limodzi?

Njira yotsika mtengo kwambiri yosamukira m'njira ina ndi yomwe Walter Hohmann, injiniya wa ku Germany, anaifotokoza mu 1925. Mumayatsa injini kawiri. Koyamba mumakankha cham'tsogolo kuti nsonga ya njira yanu ikakhudze njira ya siteshoni mbali ina ya dziko. Mumadikira theka la kuzungulira, mphindi 46. Mukafika pansongapo mumakankhanso cham'tsogolo kuti mukhazikike, apo ayi mubwerera m'munsi momwe munachokera. Kuchoka pa 380 kupita pa 400 kumafuna mamita 5.67 pa sekondi ulendo woyamba, 5.67 ulendo wachiwiri, onse pamodzi 11.3. Kusintha kwa liwiro kumeneku n'kumene amakutcha delta-v, ndipo ndiyo ndalama ya m'mlengalenga: chilichonse chimagulidwa nayo.

Chinsinsi chili pa nthawi yoyambira. M'mphindi 46 zokwererazo mumakhalabe m'munsi mwa siteshoni, choncho mumapitiriza kuidya mtunda. Mtunda umenewo ndi mpata kuchulukitsa ndi 2.36, womwe apa ndi makilomita 47. Ndiye yatsani injini siteshoni ikakhala makilomita 47 patsogolo panu, poyeza motsata njira. Mukadikira mpaka ili pamwamba penipeni pa mutu wanu, mukatulukira makilomita 47 patsogolo pake.

Malangizo anga: musalinge pa siteshoni penipeni. Yambani pa makilomita 50 kuti mukakhazikike makilomita atatu kumbuyo kwake. Kuphonya pang'ono kusanduke kuchedwa, osati kugunda.

Utali wathu kuchokera pansi ndi wofanana, nthawi ikugwirizana, koma chombocho chikungondidutsa cham'mbali ngati mphezi. Chalakwika n'chiyani?

Njira zanu sizinagone mofanana. Tengani mikombero iwiri ya njinga, mulowetse umodzi mwa unzake, kenako mupendeketse umodzi pang'ono. Muona kuti ikukhudzana malo awiri okha oyang'anizana, kwina konse yatalikirana. Malo awiriwo amatchedwa ma node, ndipo ndi pokhapo pomwe mungakonzere vutoli. Mukafika pa node mumakankha cham'mbali, kumanja kapena kumanzere kwa ulendo wanu, komwe mapulogalamuwa amakutcha normal ndi antinormal.

Apa m'pomwe thanki imauma. Kupendeketsa njira ndi digiri imodzi yokha pa makilomita 400 kumadya mamita 134 pa sekondi. Yerekezerani ndi 11.3 ya kukwera kuja: n'kuwirikiza pafupifupi ka 12. Ndipo musanyozere tizigawo ta digiri. Kusiyana kwa 0.1 kumatanthauza kuti kawiri pa kuzungulira kulikonse mudzakhala makilomita pafupifupi 12 cham'mbali mwa mnzanu. Mu Orbiter nambala yoyang'ana ndi RInc, yoonetsa kusiyana kwa kupendekeka kwa njira ziwirizo, pa Align Planes MFD, ndipo iyenera kufika 0.00 musanayambe kuganiza za china chilichonse. Mu Kerbal, mukasankha chombo chinzanu kukhala target, mapu amaonetsa AN ndi DN, omwe ndi ma node awiri aja, pamodzi ndi madigiri ake. Konzani izi poyamba, mukadali kutali, zinazo pambuyo.

Ndiye kuti nthawi yonyamukira pansi ndi yofunika chonchi?

Eya. Mkombero wa siteshoni uli m'mwambamo, dziko likutembenuka mkati mwake digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse. Muyenera kunyamuka pamene malo anu akudutsa pansi pa mkomberowo. Njira ya ISS inapendekeka madigiri 51.6 kuchokera pa equator, ndipo pa kupendekeka kotere kuchedwa mphindi zinayi zokha kumakusiyirani ngongole ya mamita pafupifupi 100 pa sekondi. Mwayi ukakudutsani, musakakamire. Fulumizitsani nthawi mu pulogalamu mudikire wina.

Ndili makilomita atatu kumbuyo kwake. Tsopano ndingalunjike basi?

Mungathe ngati muli ndi mafuta otaya, koma pali njira zabwino kuposa imeneyo, ndipo gawo ili ndi lomwe ine ndimalikonda kwambiri.

Mukafika pafupi chonchi, iwalani dziko, muziona siteshoni ngati yaima chilili inu n'kumayenda moizungulira. Masamu ofotokoza kayendedwe kameneka amatchedwa ma equation a Clohessy ndi Wiltshire, omwe anawasindikiza mu 1960, ngakhale George William Hill anali atalemba ofanana nawo mu 1878 pofufuza kayendedwe ka mwezi. Amagwira bwino ntchito njira ya siteshoni ikakhala yozungulira bwinobwino ndipo mtunda ukakhala wochepa, makilomita makumi ochepa chabe. Simufunika kuwaloweza. Zomwe amanena ndi izi.

Mzere wodutsa kutsogolo ndi kumbuyo kwa siteshoni, motsata ulendo wake, umatchedwa V-bar. Mukaima pa mzere umenewu liwiro lanu likufanana ndi la siteshoni, mumakhala pompo osawotcha mafuta, chifukwa muli m'njira imodzi. Ndi malo opumirapo, oganizirapo. Mzere wochokera pa siteshoni kuloza pakati pa dziko umatchedwa R-bar. Pamenepo simungaime chabe: mukazimitsa injini muli m'munsi, mumayamba kutsika n'kutsetserekera kutsogolo.

Tsono tinene kuti muli pa V-bar, makilomita 3.5 kumbuyo kwa pomwe mukufuna kukaima. Njira yoyamba: kankhani cham'mbuyo, inde cham'mbuyo, ndi mamita 0.21 pa sekondi. Mutsika pang'ono, mufulumira, ndipo mukazungulira kamodzi mubwerera pa V-bar muli makilomita 3.5 kutsogolo. Pamenepo kankhani cham'tsogolo ndi 0.21 yomweyo kuti muime. Mtengo wonse 0.42, nthawi mphindi 92.

Njira yachiwiri: kankhani kuloza pansi, kudziko, ndi mita imodzi pa sekondi. Mutsika mamita pafupifupi 880, kenako njira ikhota yokha n'kukubwezerani pa V-bar pakatha mphindi 46, makilomita 3.5 kutsogolo. Mufika mukukwera, choncho kankhaninso kuloza pansi ndi mita imodzi kuti muime. Mtengo wonse 2, kuwirikiza pafupifupi kasanu.

Ndiye wina n'kufunsa, wosankha yodulayo ndani? Taganizirani injini itakana kuyaka ulendo wachiwiri. Mu njira yoyamba mupitiriza kudumpha makilomita 3.5 kuzungulira kulikonse, ndipo chomwe chili patsogolo panu ndi siteshoni. Mu njira yachiwiri nthawi yanu yozungulira dziko sinasinthe, choncho mungokwera pamwamba pa V-bar, kubwerera m'mbuyo, n'kudzipezanso pomwe munayambira. Mukadali kutali gwiritsani ntchito yotsika mtengo. Mukayandikira lipirani yodula.

Ndifike pa liwiro lanji?

Lochepa kuposa momwe mtima ukukuuzirani. Space Shuttle inkakhudza siteshoni pa masentimita pafupifupi atatu pa sekondi. M'mamita mazana omaliza ine ndimagawa mtunda ndi 1,000: pa mamita 300, liwiro 0.3, pa mamita 100, liwiro 0.1, kenako osatsikanso kuposa 0.03 kuti ndifike ndithu. Mu Kerbal, komwe zombo n'zolimba ndipo moyo ndi wotsika mtengo, kugawa ndi 100 n'kokwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

ISS yeniyeni ili ndi malire a mamita 200 kuzungulira konse omwe chombo sichilowa popanda chilolezo, ndipo Crew Dragon, chombo chonyamula anthu, imaima kaye pa mamita 20 isanamalize. Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Pa 25 June 1997 chombo chonyamula katundu cha Progress M-34 chinagunda siteshoni ya Mir pamene Vasily Tsibliyev ankayesa kuchiyendetsa pamanja ali mkati mwa siteshoni. Radar ya Kurs, yoyeza mtunda ndi liwiro, inali yozimitsa, iye ankadalira chithunzi cha pa TV, ndipo pomwe ankazindikira kuti chombo chikubwera mothamanga kwambiri madzi anali atafika kale m'khosi. Chipinda cha Spektr chinabooka, mpweya n'kuyamba kutuluka, anthu omwe anali mu siteshoniyo n'kudula mawaya mwachangu kuti atseke chitseko. Maso paokha sayeza liwiro kumwambako. Yang'anani nambala: mu Orbiter pa Docking MFD, mu Kerbal pa navball, kampira koonetsa komwe mwaloza ndi liwiro, mutaiika pa Target.

Masamu anga ali bwino koma ndikuphonyabe ndi makilomita angapo. N'chifukwa chiyani?

Kawirikawiri ndi injini. Papepala timayesa ngati liwiro limasintha m'kuphethira kwa diso, koma injini imafuna nthawi. Ngati chombo chanu chimawonjezera mamita 0.5 pa sekondi m'sekondi iliyonse, 5.7 ija itenga masekondi 11, ndiye yambani masekondi 5 kapena 6 nthawi isanakwane kuti theka ligwe uku, theka uko. Ndipo kumbukirani kuti kupyoza ndi mamita 0.1 okha pa sekondi kumabala makilomita 1.7 pakatha kuzungulira kamodzi. Injini yaikulu izimitseni msanga, zotsalazo mumalize ndi tiinjini ting'onoting'ono towongolera chombo, totchedwa RCS.

China n'chakuti dziko si lozungulira ngati mpira weniweni, linafufuma pa equator. Kufufumaku kumapotoza mkombero wa ISS madigiri pafupifupi 5 cha kumadzulo tsiku lililonse, ndipo njira yam'munsi imapotoka mofulumirirapo pang'ono. Mu Orbiter, ngati munayatsa nonspherical gravity sources, zomwe zimawerengera kufufumaku, RInc yomwe munaifikitsa pa 0.00 dzulo muipeza yasuntha lero. Si kompyuta yanu yomwe yadwala. Komanso musafulumizitse nthawi kwambiri muli pafupi ndi dziko, chifukwa pulogalamu imawerengera modumphadumpha ndipo zolakwika zimaunjikana.

Kodi manambalawa agwira ntchito mu Kerbal Space Program?

Malamulo ochulukitsa ndi 9.4 ndi 2.36 agwira, chifukwa sadalira dziko lomwe mukuzungulira. Manambala enawo muwerengenso. Kerbin, dziko la mu Kerbal, ndi kadziko kakang'ono: makilomita 600 kuchokera pakati kufika panthaka, μ yake 3,531.6, mpweya umathera pa makilomita 70. Pa makilomita 100 liwiro ndi mamita 2,246 pa sekondi ndipo kuzungulira kamodzi kumatenga mphindi 32 ndi theka. Kerbal imawerengera mphamvu yokoka ya dziko limodzi pa nthawi imodzi, choncho mkombero mukauika umakhala pomwepo. N'chifukwa chake ndi yabwino kuphunzirirapo. Orbiter, yomwe Martin Schweiger anaitulutsa mu 2000 ndipo ndi yaulere, imagwiritsa ntchito dziko lenileni ndipo sikhululuka.

Kodi pali amene anachitapo zimenezi ndi pepala m'chombo chenicheni?

Buzz Aldrin. Digiri yake yaukachenjede ya doctorate ku yunivesite ya MIT mu 1963 inali ya nkhani yomweyi, mpaka anzake ankamuseka kuti Dr. Rendezvous, kutanthauza dokotala wa kukumanitsa zombo. Mu November 1966, pa Gemini 12, radar inavuta ali m'kati moyandikira chombo cha Agena. Aldrin anatenga kachipangizo ka m'manja kotchedwa sextant n'kumayeza madigiri, akuwerenga matchati omwe anathandiza nawo kukonza, Jim Lovell akuwongolera, mpaka anakocheza.

Njira yomwe Apollo 11 inatsata pokumana pozungulira mwezi ndi yoyenera kuiyesa pa kompyuta. Chombo chochokera pamwezi chinkakhazikika makilomita pafupifupi 28 m'munsi mwa chinzake n'kumachitsata cham'mbuyo. Chinzakecho chikaoneka pa madigiri pafupifupi 27 kuchokera pa mzere wa kutsogolo, ankayatsa injini molunjika pafupifupi komwe chinali, n'kukumana atayenda madigiri 130 a njira. Anasankha dala manambalawo kuti kompyuta ikafa, maso a munthu athe kumaliza ntchito. Ndi malo amodzi pomwe kulunjika mnzako kumagwiradi ntchito, koma chifukwa choti mpata ndi nthawi zinakonzedwa kale.

Soyuz, chombo cha ku Russia, imafika pa ISS m'maola atatu. Ine bwanji zikunditengera masiku awiri?

Nayonso kwa zaka zambiri inkatenga masiku awiri. Mu 2013 anafupikitsa ulendowo kufika pa maola 6, ndipo pa 14 October 2020 Soyuz MS-17 inafika m'maola atatu ndi mphindi zochepa, itangozungulira kawiri. Si kuti injini zinakula. Roketi imaika chombo pamalo enieni mosaphonya, ndipo njira ya siteshoni imakonzedweratu masiku angapo m'mbuyo kuti pa nthawi yonyamuka ikhale madigiri ochepa chabe patsogolo. Inunso mutha kubera chimodzimodzi: musananyamuke onani pomwe siteshoni ili, ndipo ngati ili mbali ina ya dziko dikirani mwayi wa mawa kapena mkuja.

Siteshoni yomwe ndikuithamangitsa pa kompyutayi ndingaione ndi maso kuno kwathu?

Mungaione. Popeza njira yake inapendekeka madigiri 51.6, imadutsa pamwamba pa malo onse a pakati pa madigiri amenewo kumpoto ndi kumwera kwa equator, ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique zili m'kati. Imaoneka dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, pamene pansi pali mdima koma iyo ikuwalidwabe ndi dzuwa. Imakhala ngati nyenyezi yowala kwambiri yoyenda mosaphethira, ndipo imadutsa thambo m'mphindi zochepa. Nthawi zina imazimirira ili pakati pa thambo, ndiye kuti yalowa mumthunzi wa dziko. Mukaiona madzulo ano, pakatha mphindi 92 ikhala itazungulira kale dziko lonse, koma idutsa madigiri pafupifupi 23 cha kumadzulo kwanu, chifukwa nthaka yomwe mwaimapo yasuntha.